Anti Glenys ndi Bunya wa Pachipata

Pa 9 Febuluwale, komiti ya munda wa mitengo wa tauni yathu inapaka penti yofiira pa bunya, mtengo waukulu wa pachipata, kuti udulidwe. Mlandu wake? Chipatso chake chinaswa galasi la galimoto ya wapampando, Bambo Pendlebury.

Woyamba kuona pentiyo anali Anti Glenys. Mayiwa anakalambira pa chiwongolero cha basi ya sukulu, koma mtima wawo uli pa mtengo uwu. Agogo awo ankayenda wapansi mpaka kumapiri kukadya mtedza wa m'zipatso za bunya pamodzi ndi anthu a mitundu ina. Lero bunya amene watsala kuno ndi mtengo uwu wokha, womwe unabzalidwa tauni isanaone magetsi. Chaka chilichonse zipatso zake, zazikulu kuposa mutu wa munthu, zikayamba kugwa kuti phu! Anti amazinga mtengowo ndi chingwe, n'kulowa ndi wilibala kukazitola atavala chipewa cha njinga yamoto.

"Anti, lero mpikisano uli kuti?" amawaseka Trev, wotchetcha udzu.

"Choka iwe! Wako mutuwo ngouma kale, bunya angasweke yekha."

Tsiku la ngoziyo chingwe chinalipo. Anachimasula ndi Bambo Pendlebury eni ake, pofuna kuimika galimoto pamthunzi.

Anti sanalire. Anazungulira tauni yonse khomo ndi khomo, ndipo Loweruka anthu anakhamukira kumundako. Mukanaona! Wina chipewa cha kumgodi, wina cha masewero a kiriketi, mkazi wa abusa poto kumutu. Anti anayatsa moto kunja kwa chingwe, mtedza ukuwira mumgolo, wina ukuphulika pamakala.

"Idyani, ana inu, uwu ndi umboni!" anafuula. "Trev, usamalize wekha, mimba ngati thanki!"

Chipatso china chinagwa pomwepo, nthaka n'kunjenjemera, khamu lonse n'kukuwa ngati timu yagoletsa. Anti anavina, chipewa chili pendapenda.

Komabe penti ija ikadalipo, ndipo akuti odula mitengo abwera mwezi uno. Komiti yomweyi ndi imene inagwetsa mikungudza ya kudziwe n'kuikapo zimbudzi, ife sitinaiwale. Anti amafika m'mawa uliwonse, kukhala pampando pafupi ndi chingwe, maso kumsewu.

Bambo Pendlebury, Anti Glenys akudikira, nafenso tikudikira. Tiyankheni poyera: anasuntha n'kupita pa mnzake ndani, mtengo kapena galimoto?