Kufiira Kumene Achimwene Sanakuone

Lachiwiri m'mawa mlamu wanga anafika pakhomo ali wefuwefu. "Achimwene anu alowa panyanja kukaona maukonde awo a matchera," anatero. Apo n'kuti nthambi za mango zitayamba kale kugwedezeka ndi mphepo ya mwera.

Ndinatembenukira mwana wanga Zione, yemwe akuphunzira zamakompyuta ndipo ali kuno ku Liwaladzi patchuthi. Ndiye amatumizira asodzi akwathu chithunzi cha mapu a nyanja pafoni. Kumene kukuyembekezeka mphepo yoopsa, pulogalamu yapakompyuta imene analemba imapakako kufiira.

"Sunatumize kodi?"

"Ndinatumiza dzulo, adadi. Bambo aakulu anatsegula ndithu."

Anandionetsa palaputopu. Ati kompyuta ikamaika mtundu wina pamwamba pa unzake imafuna nambala yotchedwa alufa, yoyambira pa 0 kulekeza pa 1. Ikakhala 0, kufiirako sikuoneka n'komwe. Ikakhala 1, kumaphimba zonse zapansi. Iye anaika 0.3 kuti mayina a madoko azionekabe. Ndiye kuti magawo atatu ofiira, asanu ndi awiri abuluu wa nyanja.

Chotulukapo? Kamtundu kapepo kofatsa, kokongola. M'nyumba kamaoneka. Nanga padzuwa, pafoni yong'aluka galasi, m'maso mwa munthu wachikulire ngati achimwene?

Tinathamangira kudoko. Mafunde anali atayera mitu. Foni ya achimwene sinkapezeka. Mlamu anangokhala pamchenga, chitenje kukamwa. Bwato lililonse likatulukira tinkaimirira, n'kukhalanso pansi.

Achimwene anafika masana pa njinga ya kabaza, atakocheza kutali, matchera atawasiya m'madzi.

"Bambo aakulu, simunaone chenjezo?" Zione anafunsa akulira.

"Chenjezo liti, mwana wanga? Ine ndinaona nyanja yabwinobwino. Ndimati mwina wangosintha penti."

Chiyambire tsikulo mtima wanga sunakhale pansi. Mwanayu sananame. Zonse zinalipo pachithunzipo, kungoti zinasungunuka. Ndipo ife akuluakulu timachita zomwezi pakamwa tsiku ndi tsiku. Wodwala ali kayakaya, pafoni timati "akupezako pang'ono," mpaka mwana wake wa ku Dwangwa osakwera galimoto kudzamuona. Mtsinje ukudzaza, timati "madzi angokwerako." Timaopa kuopseza anthu, timaopa kuoneka amwano, choncho choopsacho timachithira ulemu mpaka womva n'kugona tulo.

Zione anayesa kuika alufa pa 1, mayina a madoko onse anazimirira. Pano waika 0.8, ndipo mayinawo akuwalemba pamwamba ndi zilembo zoyera. Asanatumize amayamba watuluka panja n'kuyang'ana padzuwa ndi foni ya mlamu.

Koma pagulu lolandira mapuwa pali asodzi ambiri amene mafoni awo sitinawaonepo, ndipo nyengo ya mwera ikadalipo.

Inu amene muli ndi uthenga woopsa woti muuze m'bale wanu sabata ino, mwaufewetsa kufika pati? Akaumva, aimirira kapena apitiriza kumwa tiyi?