Chitseko cha Mlombwa cha pa Nsaru

Mukamadutsa pa Nsaru musaiseke nyumba ya malata adzimbiri ija, ya nsanamira zonenepa pakhonde. Ine ndimaithokoza ngati munthu. Anaimanga mmwenye wina kalekale ndi njerwa zootcha, makoma ake ochindikala moti ngakhale dzuwa liswe mtengo, m'kati mumazizira ngati mumtsuko. Iye atachoka, inagulidwa ndi banja lina la Chisilamu. Kumaso kunali sitolo, kuseri kunali bwalo la mpanda wautali kumene ankakhala azimayi a pabanjapo. Pakati panali chitseko chimodzi cha mlombwa, ndipo mwamuna wachilendo sankadutsapo, kaya akhale ndani.

Amayi anga ankasoka pakhondepo. Akaweruka, makina awo ankagona m'sitolo, monga ankachitira matelala onse.

Bambo anga atamwalira, abale awo anabwera ndi ngolo kudzasesa katundu. Mipando, njinga, mpaka wailesi yakufa, abale inu! Abambo aakulu, mkulu wawo wa malemu, anati makinanso ndi awo poti anagula ndi mng'ono wawo. Koma makinawo ndiwo ankatidyetsa. Akanapita, ine sukulu ikanathera pomwepo.

Mayi a nyumba ya sitolo ija anali atazimva kale kumaliro. M'mawa anandiitana pamodzi ndi ana awo aakazi. "Nyamulani makina a mayi anuwa, mulowetse kuseri. Msanga!"

Ngolo itafika, bambo a sitolo anawalandira alendowo pakhonde, n'kuwapatsa mipando ndi tiyi. Ine ndinkasuzumira pamng'alu wa chitseko, amayi ali kumbuyo kwanga.

"Tabwera kudzatenga makina a malemu," anatero abambo aakulu.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Makinawo ali kuseri, kwa azimayi."

"Ndiye katitengereni."

"Aa, za kuseriko sindilamula ndine. Chitseko ndi icho, n'chosakhoma. Koma mwambo wa nyumba ino mukuudziwa, eti?"

Ankaudziwa. Nsaru yense ankaudziwa. Tsono abambo aakuluwo anali mkulu wa mpingo, wa jekete ndi tayi, ndipo anthu a pamsika anali atayamba kale kuunjikana. Iwo alowe pakati pa akazi a eni, anthu akuona? Anaimirira, n'kuchiyang'ana chitsekocho nthawi yaitali, n'kukhalanso pansi. Anamaliza tiyi wawo, munthu wosataya chakudya, kenako anauza anzawo kuti atembenuze ng'ombe.

Mpaka lero sindidziwa kuti anthu aja ndingawathokoze bwanji. Sanali abale athu, ngakhale kopemphera tinkasiyana.

Kulira kwa ngolo kutazilala, amayi anakhala pamakina pabwalo paja n'kuyamba kupalasa popanda nsalu, misozi ili chuchuchu. Kenako mayi a nyumbayo anatola diresi long'ambika pachingwe n'kuwaponyera pamiyendo.

"Muthyola singano, anzanga. Sokani ili."