Kambale ka Pansi pa Boneti

Ba Bernadette Ng'andu agulitsa masipeya a motoka ku Kamwala zaka khumi ndi zisanu, koma chiwongolero sanachigwirepo. M'mawa uliwonse amachokera ku Kaunda Square pa minibasi, akukangana ndi kondakita. Mukawauza kuti muli ndi Corolla, amakuyang'anani ngati mwanena kuti dzina lanu ndi Phiri basi. Phiri wake uti? Iwo amafuna zilembo ndi manambala oyambirira a chasisi, olembedwa pa kambale kachitsulo pansi pa boneti, chifukwa ndi amene amanena mbadwo wa motoka. Makasitomala awo amawadziwanso motero: ba 110 a ku Chelstone, ba 141 omwe anasiyana ndi akazi awo.

Lachinayi lina kunabwera ba Oswell a ku Woodlands, thukuta lili kamukamu. Mwana wawo Annette amakwatiwa Loweruka, ndipo iwo anali atamulonjeza kuti apita naye kutchalitchi pa motoka ya bambo ake, osati yobwereka. Tsoka ilo, mwala unaswa galasi lakutsogolo. Anali atayesa magalasi awiri m'mashopu ena, onse osalowa. Kulikonse ba Oswell ankanena zomwezo: motoka ndi ya 2008, buku la umwini wake likutero.

Ba Bernadette bukulo sanalilandire n'komwe. Anatuluka, n'kuwauza kuti atsegule boneti, n'kupukuta kambale kaja ndi nsonga ya chitenje chawo. Panalembedwa NZE121.

"Ba Oswell, 2008 ni caka camene inabwela ku Zambia. Ku Japan inayamba kale kuyenda. Magalasi mwenze kuyesa ni a mng'ono wake, 141."

Ba Oswell anayamba kufotokoza kuti amene anawagulitsa motokayo anali munthu wopemphera. Kenaka anatsitsa mawu n'kupempha kuti nkhaniyi isafike kwa akazi awo, omwe kwa zaka zonsezi akhala akuuza anzawo a kwaya kuti motoka yawo inabwera ili yatsopano. Ba Bernadette analumbira kuti pakamwa pawo ndi potseka. Anangouza mlongo wawo yekha, amenenso amaimba kwaya yomweyo.

Galasi la 121 linalowa bwinobwino tsiku lomwelo. Loweruka Annette anafika pa motoka ya bambo ake, maliboni ali petupetu, ndipo potsika ba Oswell, mayi wina wa kwaya anagwada mwaulemu wonse.

"Mwafika bwino, ba 121?"

Akazi a ba Oswell anali pambali pomwepo, akukonza duku. Akuti za motokayo iwo ankadziwa kuyambira kale.