Kudikira Dzuwa M'chiperoni

Sekondale yoyendera imene ndinatumizidwako inali pakati pa minda ya tiyi, moti ukatsegula zenera la kalasi unkaona madengu a anthu othyola akuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa masamba. Ine ndinachokera kuchigawo chapakati, dziko la fumbi ndi fodya, ndipo chaka choyamba ntchito yanga inali kudandaula: matope, kuzizira, zovala zokana kuuma pachingwe. Lero ndikangomva fungo la tiyi wa kufakitale, mtima umandiwawa ndi kulakalaka malo aja. Munthu ngovuta ndithu.

Tonse ophunzitsa pasukulupo tinali aphunzitsi a pulayimale obwerekedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunamveka kuti amene alibe dipuloma adzabwezedwa kupulayimale, kulikonse kumene kungapezeke malo. Choncho asanu a ife tinalembetsa maphunziro ochita uli kwanu. Koleji inkatumiza mabuku, ife n'kumawerenga tikaweruka, ndipo Lamulungu masana tinkakumana m'kalasi ya Fomu 2 kukambirana.

Tsikulo tinalisankha chifukwa cha mmodzi wa ife, mayi wa ku mishoni ya Sabata, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Ankaphunzitsa sayansi. Anabadwira pakati pa tiyi, anakulira pakati pa tiyi, koma tiyi osamulawa, poti mpingo wawo sulola. Ndinkawaseka kuti ali ngati msodzi wodana ndi nsomba. Iwo ankandibwezera kuti mano anga odetsedwa ndi tiyi ndi umboni wokwanira. Pamtsutso panalibe wowaposa. Ukanena chinthu chosapsa bwino, ankavula magalasi, kukuyang'ana, n'kuyamba kukusenda ngati chinangwa, ndipo zikafika potentha ankalumphira m'Chilomwe kuti ine mlendo ndisamve zonse.

Kwa ife ena kubwezedwa kupulayimale kukanakhala manyazi chabe. Kwa Madamu inali nkhani ina. Amuna awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo nyumba yawo inali pafupi ndi chipatala cha mishoni, kumene anamwino ankawadziwa bambowo ngati m'bale. Malo opanda aphunzitsi nthawi imeneyo anali cha ku Thekerani, kumene galimoto inkafika mvula ikalola. Kulephera maphunzirowa kukanatanthauza kusankha pakati pa ntchito ndi wodwala.

Chaka chachiwiri, alekichala ena a kukoleji anayambitsa kafukufuku wofuna kuona ngati aphunzitsi akumidzi angaphunzire pokambirana pa intaneti. Gulu lathu linasankhidwa. Aliyense anapatsidwa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi. Alekichalawo ankaika funso mlungu uliwonse, magulu a m'maboma osiyanasiyana n'kumayankha, ndipo kuyankhako kunali ndi malikisi ake. Nkhope yawo sitinkaidziwa. Ine ndinkawaganizira kuti ndi munthu wamtali wa dazi, sindikudziwa chifukwa chake.

Kompyuta yokhala ndi intaneti m'dera lonselo inali imodzi, ya ku ofesi ya esiteti ya tiyi. Inkadzera pachingwe cha foni, ndiye ikalumikizidwa foni ya ofesi inkafa. Bwana wa esitetiyo anatilola kuigwiritsa ntchito Loweruka masana basi, iwo atapita kukasewera gofu, mpaka nthawi yotseka. Wotitsegulira anali kalaliki wina wa ku Khwethemule, bambo wofatsa amene ankatseka sikisi koloko kuti akwere lole yomaliza ya antchito. Ndimakumbukabe kulira kwa makina aja akamalumikiza, ngati nkhuku yogwidwa pakhosi, ife titaunjikana kumbuyo kwa mpando osapuma.

Ndiye tinachita monga mmene anthu olemekezeka amachitira. Gulu likapita kwa akuluakulu siliyankhula onse ngati achule. Mumagwirizana kaye panja, kenako mmodzi, wamkulu, amapereka mawu. Wamkulu wathu anali ahedi. Lamulungu tinkakangana mpaka mawu kusasa, ahedi n'kusonkhanitsa zimene tagwirizana, kuchotsa minga yonse, ndipo Loweruka ankazilemba pa kompyuta m'dzina lawo. Mayina athu olowera tinawasunga bwinobwino m'masutikesi pamodzi ndi masatifiketi. Dongosololi linkawakomeranso Madamu, poti Loweruka iwo ankakhala kutchalitchi. Palibe ngakhale mmodzi amene anaona cholakwika. Tinkanyada kuti mayankho a ku Thyolo ndi aulemu kuposa a kwina, kumene tinkaona tianyamata tikutsutsana ndi alekichala ngati anzawo a pabawo.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni tinapeza uthenga. Alekichala analemba kuti pa kafukufuku wawo, gulu la ku Thyolo lili ndi wophunzira mmodzi wakhama ndi anayi amene sananenepo kanthu chiyambire. Amene sadzalemba yekha, m'dzina lake, pofika Loweruka lotsatira, adzatengedwa kuti wasiya phunzirolo.

Ndinapsa mtima zedi. Ife osanena kanthu? Madamu osanena kanthu? Ndinauza kompyutayo mawu amene sindingawabwereze pano. Ahedi anangogwira pakamwa.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi ndimakudyerani malikisi?" anafunsa motsitsa.

Tinathamangira kunyumba kukafukula mayina athu, ndipo atatufe tinalemba tsiku lomwelo, aliyense ndi chala chimodzi. Anatsala Madamu.

Lamulungu tinawafotokozera. M'malo mokhala pamtsutso anakwera minibasi kupita kuboma, kumene kunali kashopu ka intaneti, n'kukapeza pakhomo pali loko. Mkati mwa mlunguwo tonse tinali kuyang'anira mayeso, osatuluka m'mawa mpaka madzulo. Ahedi anakapempha ku esiteti kuti atilole tsiku lina, koma bwana anati foni singafe pa tsiku la ntchito. Lachisanu ndinawatsekera Madamu pakhomo la chipinda cha aphunzitsi.

"Madamu, ndipatseni dzina lanu ndi mawu achinsinsiwo. Mundiuze zolemba, mawa ndikakulemberani ine."

"Kutuma munthu pa Sabata ndi kugwira ntchito komweko, achemwali. Komanso anena kuti aliyense alembe yekha. Mukufuna ndiwonjezere bodza pamwamba?"

"Ndiye mukawanyamula abambo pamsana mpaka ku Thekerani?"

Mawu amenewo anawalasa, ndinaona. Anavula magalasi, koma ulendo uno sanandisende. Anangoti, "Sabata imatha dzuwa likalowa. Juni uno likulowa msanga. Ofesi amatseka sikisi. Ndibwera."

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Amene sanakhaleko ku Thyolo sangamvetse. Si mvula kwenikweni, ndi mtambo umene umatsika n'kukhala pansi pakati panu, kamvula kosalekeza kakukulowani mpaka m'mafupa. Mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa ofesi, kumene dzuwa linkalowera, sinkaoneka n'komwe. Tonse anayi tinafika masana, ngakhale tinalibe cholemba. Madamu anatulukira mu nkhunguyo cha kumadzulo, atavala zakutchalitchi, ambulera kudzanja lina Baibulo kudzanja lina. Anatipatsa moni n'kukhala pabenchi ya pakhonde. Pakhomo la ofesi sanaponde.

Kalendala ya ku mishoni inkalemba nthawi yolowera dzuwa, ndipo Madamu ankaidziwa pamtima. Vuto linali mawotchi. Ya ahedi inali patsogolo, yanga pakati, ya pakhoma la ofesi kumbuyo kwenikweni, poti akalaliki ankaibweza dala kuti antchito asamathawe msanga. Nthawi itakwana pa wotchi ya ahedi, iwo anatsokomola.

"Madamu, kwa ine lalowa."

"Kwa inu, bambo."

Itakwana pa yanga ndinawaonetsa mkono pamaso penipeni. Anapukusa mutu. Anati adikira wotchi yochedwa pa zonse, kuti asabe ngakhale kamphindi ka Mulungu. Ndinatuluka m'khondemo n'kukaima pamvula, kuyang'ana kumadzulo ngati ndingaboole mtambo ndi maso. Ndinali ndi ukali, komanso mantha. M'maganizo ndinkaona amuna a Madamu akukwezedwa pa lole ndi matiresi awo. Mumtima ndinkati chipembedzo chotere ndi nkhanza. Koma nditacheuka n'kuwaona mayi aja atakhala phee, manja atafinya ambulera mpaka mitsempha kutuluka, ndinadziwa kuti mantha awo aposa anga. Ndinabwerera n'kukhala pambali pawo.

Akalaliki anali atalumikiza kale makina kuti tisataye nthawi. Kenako anasuzumira pakhomo.

"Amayi, ndi yanga yomwe yavomera."

Madamu anaimirira, anapemphera mwachidule, anandipatsira Baibulo, n'kulowa. Anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire. Mawu achinsinsi anawalakwitsa kawiri. Chilembo chilichonse ankachisaka ngati nsabwe m'mutu mwa mwana, ife kumbuyo tikulozera tonse nthawi imodzi mpaka anatikalipira m'Chilomwe. Funso la mlungu umenewo linali lakuti kodi mphunzitsi angamudziwe wophunzira amene sanamuonepo. Yankho la ahedi, lopanda minga monga mwa nthawi zonse, linali litavomera kuti n'zotheka ndithu.

Kunja lole inaliza hutala. Akalaliki anagwedeza makiyi, n'kuyang'ana pazenera. Madamu anali pa mzere wachiwiri. Hutala inaliranso, yaitali. Bamboyo anatuluka, tinamumva akulankhula ndi dalaivala, kenako tinamva lole ikunyamuka. Anabwerera, anaika makiyi patebulo, n'kukhala pansi.

"Lembani bwinobwino, amayi. Miyendo ndili nayo."

Zimene analemba m'Chingerezi chawo cholunjika zinali izi: "Sindinakhale chete. Ndakhala ndikutsutsa Lamulungu lililonse, funsani ahedi anga. Lero ndikuwatsutsanso. Mphunzitsi wowerenga mayina okha sangaidziwe kalasi yake. Bwerani mudzatimve."

Ahedi anawerenga ali chiimire, n'kuseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye mwandivula pamaso pa dziko lonse, Madamu!"

Anadina potumizira. Makina anaganiza, anaganiza, ife mitima ili m'mwamba, kenako mawuwo anaoneka pansi pa a anzathu a m'maboma ena, dzina la Madamu lili pamwamba pake. Akalaliki anatseka ofesi, anapinda buluku lawo m'miyendo, n'kulowa m'nkhungu wapansi kulunjika kwawo. Tinawathokoza, koma mpaka lero ndimaona kuti sitinawathokoze mokwanira.

Kuyambira pamenepo aliyense ankadzilembera, ndipo mikangano ya Lamulungu inayamba kuzilala, poti munthu ankasunga mfundo yake yabwino kuti akaiike m'dzina lake. Patapita zaka mafoni anadzaza m'matumba, ofesi ija sitinaifunenso. Zinthu zinaphweka, sindikana. Koma sindinakhalenso m'kalasi yotentha ngati ija ya Fomu 2, anthu asanu tikulimbirana yankho limodzi.

Yankho la alekichala tinalipeza Loweruka lotsatira. Anapepesa. Anati kafukufuku wawo ankawerenga zimene zafika pa kompyuta, osadziwa kuti kuseri kwa dzina limodzi kuli anthu asanu, ndipo adzabwera kudzakhala nafe Lamulungu lina. Anabweradi pambuyo pake, munthu wamfupi wa tsitsi lambiri. Pamndandanda wa opitiriza phunzirolo, dzina la Madamu linalipo.

Titangoliona dzinalo, sitinadikire. Tinadula njira ya m'minda ya tiyi kupita ku mishoni, ahedi patsogolo akupuma mwa befu. Tinawapeza Madamu pakhonde la nyumba yawo, atangobwera kutchalitchi, akuwamwetsa phala amuna awo. Tsiku limenelo kumwamba kunali mbee, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifuule, koma ndinakumbukira kuti nkhani za sukulu sazikamba pa Sabata. Ine amene ndinawakalipira uja, ndinameza mawu anga. Anzanga nawonso anatero.

Anatiyang'ana nkhope mmodzimmodzi. Sanafunse. Anatiyalira mkeka, anatipatsa madzi otentha a mandimu m'malo mwa tiyi, ndipo tinacheza za nyengo, za nthochi, za ana, tonse maso akuba kumadzulo. Dzuwa linatsika pang'onopang'ono mpaka linabisala kuseri kwa phiri. Madamu anawapukuta pakamwa amuna awo, anaika mbale pansi, anagwira dzanja lawo lija losagwira ntchito, n'kutembenukira kwa ine.

"Tsopano nenani, achemwali. Nenani mokweza, abambo amve."