Chipwitikizi cha Mbuzi za Amalume

Ndinaphunzira Chifalansa ku yunivesite yolipira, ndipo ngongole yake ikundidyerabe kamalipiro kanga ka uphunzitsi kuno ku Balaka. Amalume, omwe anagulitsa mbuzi zawo kuti ndiyambe sukuluyo, amangodziwa kuti ndimalankhula za azungu.

Kwathu ku Utale kutabwera bambo ena achibale ochokera ku Mozambiki, amalume anati monyadira, "Tamuyesani Chipwitikizi mwanayu."

Bambowo analankhula nthawi yaitali akundiyang'ana m'maso. Ndinangotolapo timawu tosalumikizana. M'malo moulula kuti Chipwitikizi sindichidziwa, ndinauza amalume kuti, "Akuti mbuzi zanu sizinapite pachabe."

Amalume anapukuta misozi. Bambowo, omwe Chichewa amachimva bwinobwino, anangomwa thobwa lawo.

Mpaka lero ndimafunitsitsa kudziwa zomwe ananena. Koma kuwafunsa ndimaopa. Nanga bwanji ngati ankanenadi za mbuzizo?