Woboola Zitsulo wa ku Ballarat

Bambo amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Ballarat amapanga okha galimoto zampikisano m'garaja yawo. Chimene amadana nacho ndi kulemera kwa galimoto. Chitsulo chilichonse amachiboola timabowo asanachimange, ndipo ukawafunsa amati, "Galimoto yonenepa ndi yopitira kutchalitchi basi."

Chaka chatha, mu 1936, mpikisano wokwera phiri utayandikira, anachotsa zitseko, denga, kenako mpando wa akazi awo, amene akhala akukwera nawo kuyambira ali pachibwenzi.

Mayiwo anaima pakhomo la garaja. "Ndiye mwapeza kuti cholemera ndine, bambo inu? Bwanji osayamba ndi mimba yanuyo?"

Bambowo anatenga sipanala. Anabwezera mpandowo, n'kumasula wawo. Loweruka anakwera phirilo atakhalira thabwa, akubuula pa bampu iliyonse. Anafika pamwamba ali pa nambala yachinayi, ndipo mayi, amene anakwera nawo, anatsika pampando wawo akuseka, n'kuwagwira dzanja kuti awongole msana.