Filimu Imene Inatilanda Ana

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pabenchi panja. Azimayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo ndipo moto wa amuna unali utasanduka phulusa. Linali tsiku loika m'manda akulu anga, ndipo nyumba yawo ya ku Chamboli, komboni ya anthu a kumgodi, inali yodzaza ndi abale ochokera kumudzi ku Chipata.

Akulu anga ankagwira ntchito pansi pa mgodi, koma mtima wawo unali pa mafilimu. Titangolandira ufulu, mzungu wina wobwerera kwawo anawagulitsa kamera yaing'ono ndi makina oonetsera. Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa tinkajambula timasewero ta mphindi teni. Mafilimuwo anali opanda mawu. Iwo ankadula ndi lezala, kulumikiza ndi guluu, ndipo poonetsa ankaima pambali pa nsalu yoonetserapo n'kumalankhula mawu a aliyense.

Filimu imene inatchuka inali ya mkazi wothira mankhwala mu tiyi wa mwamuna wake. Mwamunayo anali iwo eni, mkaziyo anali alamu anga, mkazi wawo weniweni, wojambula ndinali ine. Alamu ndi munthu wosekaseka, ndiye kuti nkhope ioneke yankhanza tinawaimika moyang'ana dzuwa la masana mpaka anachita tsinya. Nkhanza yonse inali imeneyo basi. Koma nkhope ija itadzaza nsalu yonse, anthu mu holo ankatukwana, ena kuponya zitsononkho. Akulu anga ananyada, n'kupita nayo filimuyo kumudzi pa Khirisimasi kukaionetsa ku mishoni komwe kunali jenereta. Chaka chisanathe anadwala m'mimba masiku atatu okha, n'kumwalira m'chipatala.

Kutacha ndinaona zimene ndinkaopa. Azimayi akumudzi anakoleza moto wawowawo kuseri kwa nyumba, makapu n'kukabwereka kwa aneba. A m'kabati ya alamu palibe anawakhudza. Azakhali athu, mlongo wa bambo, anakhazika ana awiri a malemu pambali pawo, osawalola kulowa m'chipinda momwe mayi awo anakhala pamphasa. Ife ndife Angoni, ng'ombe zinaperekedwa, ndiye azakhali akati ana apita kumudzi, apita ndithu.

Cha m'ma eyiti koloko anthu anayamba kufika, a shifiti ya usiku zisoti zili m'manja, ena panjinga. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuotcha malata. Aneba athu Achibemba, amene pamaliro athu amatiseka mwachimbuya monga nafenso timachitira pa awo, anabwera ndi ufa wotipaka kumaso. Mmodzi anafuula pakhomo, “Mukwai, tiyi wa pano ife sitimwa, filimu tinaiona!” A m'tauni anaseka. Akumudzi anangoyang'anana. Ndikanatha, ndikanamutseka pakamwa ndi ufa wake womwewo.

Apa m'pamene ndinachita zopusa. Akulu anga ankasunga tizidutswa totsala podula m'chitini cha mabisiketi. Ndinafufuza mpaka ndinapeza ka tsiku lomwe tinajambula za tiyi, n'kuitanira azakhali padera.

“Azakhali, taonani nokha. Anali masewera chabe.”

Anakakweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Tizithunzito tinali tochepa ngati chikhadabo, koma zonse zinkaoneka: akulu anga ali chigonere pansi, kapu pambali, alamu atagwira m'mimba ndi phwete. Chinawaseketsa chinali nkhuku imene inadumpha pamapazi pa wakufa wabodzayo, koma nkhukuyo m'chithunzi munalibe.

“Mwana wa mlongo wanga ali pansi, iye akuseka,” anatero azakhali. “Ndipo iwe unali pomwepo, ukujambula.”

Ndinawauza kuti akulu anga anadzuka n'kumwa tiyi yemweyo, tonse tikuseka.

“Ndionetse pamene akudzuka.”

Panalibe. Filimu inali yokwera mtengo, ndipo lamulo la akulu anga linali lakuti munthu akangogwa ndizimitse kamera. Azakhali anamanga kachidutswako pansonga ya chitenje, n'kupita nako kwa azimayi anzawo. Ndinadzitukwana ndekha kuseri kwa chimbudzi.

Lole ya kumgodi yodzanyamula maliro inafika cha m'ma leveni. Kutchalitchi kunadzaza, ena anaima m'mazenera. Popita kumanda fumbi linatikwirira, thukuta likusakanikirana ndi ufa pankhope. Alamu anayenda atagwiridwa ndi azimayi awiri a mpingo, wachibale panalibe ndi mmodzi yemwe. Mnzawo wa malemu wa kumgodi anapatsidwa mpata wolankhula, ndipo pofuna kutamanda ananena kuti mafilimu a akulu anga ankatiliza chifukwa ankaonetsa zoona zokhazokha. Akumudzi anagwedeza mitu. Ine ndinadzuka kuti ndiyankhulepo, koma mkulu wa banja anandikoka jekete, amvekere nthawi yatha. Azakhali anagwira manja a ana n'kuwathiritsa dothi. Adzukulu asanamalize kukwirira, mkulu yemweyo analengeza kuti ana akwera basi ya m'mawa ndi azakhali awo.

Ndinakwiyira onse, ndi malemu omwe, koma makamaka ine mwini. Pa filimu yonse ija palibe malo amene tinajambula bwino kuposa nkhope ya alamu, ndipo ndinkanyada nayo.

Dzuwa likulowa anthu anali atabalalika. Mabenchi anabwezedwa ku tchalitchi, abale akumudzi anatenga ana kukagona nawo kwa wachibale wina ku Wusakile. M'nyumba munangoti zii. Ndinapeza alamu akupinda timalaya ta ana n'kumatiika m'sutikesi. Sanandikalipire, ngakhale ndinkafuna atatero.

“Alamu, muli ndi cholembera?” anandifunsa.

Ndinatulutsa.

“Lembani kuti wamng'onoyu asamamupatse mazira, amatupa thupi lonse. Mkaka azimuwiritsira kaye. Koma mukawapatse azakhali ngati zachokera kwa inu. Za chakudya zikatuluka pakamwa panga, sadzamva.”

Ndinakhala pansi n'kulemba, pamunsi pake n'kusaina dzina langa.